Zipi ya Kumsana

A Effie sindinawaonepo atakhala pansi mpaka tiyi kuzizira. Amadya chiimirire, amalankhula pafoni uku akupukuta tebulo, ndipo mukamayenda nawo mumsewu mumangoona zidendene zawo. Ine ndine Lois, namwino wa ku Lewisham, ndipo ndakhala ndikuthamangira kumbuyo kwa mayi ameneyu kuyambira pamene tinakumana m'kwaya ya Amalawi, tonse tidakali achilendo m'London muno. Ndimawakonda, koma amanditopetsa, ndipo zimenezi ndinawauza kale pamaso.

Kwawo ndi ku Ntcheu. Ndi mwana woyamba m'nyumba ya atsikana okhaokha, ndipo mayi awo atamwalira ndi iwo amene analera azing'ono awo onse. Anagwirapo ntchito yothandiza anamwino pachipatala cha mishoni, anakwatiwa, banja linatha, mwana wawo Sekani anakula ndipo ali ku Lilongwe ndi banja lake. Kuno anabwera zaka zija anthu ankabwera ambiri, n'kupeza ntchito panyumba yosamalira okalamba ku Edmonton. Mpaka lero ali pomwepo. Amasambitsa, amadyetsa, amadzutsa, amagoneka. M'mawa uliwonse amaveka azimayi okalamba achingerezi, kuwamangira mabatani, kuwapesa, n'kuwatembenuzira kugalasi kuti adzione. Koma iwo eni kuti uwagwirire chikwama, mukangana.

Ntchito yonyamula anthu ija inawadya phewa lamanja. Linauma pang'onopang'ono, mpaka dzanja linaleka kufika kumsana. Sanauze munthu. Kuntchito ankaopa kuti awachepetsera mashifiti, ndipo kwa ife ankaopa chinthu chimene amadana nacho kuposa matenda, kumveredwa chisoni. Ine namwino wathunthu sindinazindikire kanthu. Ndinkangoona kuti madiresi awo a chitenje aja, osokedwa ndi telala wa ku Limbe, asiya kuoneka kutchalitchi, m'malo mwake kwabwera masiketi a lasitiki ndi majuzi otaya. Ndinkaganiza kuti ndi ukalamba wofulumira, ndipo ndinkawanena nawo.

Kenaka kunabwera bambo Walter. Iwowa ndi mkulu wa mpingo ku Croydon, anapuma pantchito yoyendetsa tiramu, tisitima toyenda m'misewu ya m'tauni. Anabwera kuno ali mnyamata, bambo awo atathawa zandale zakale zija, ndiye Chichewa chawo chinaima pomwe anachisiyira. Amalankhula ngati wailesi ya makedzana, ndipo akamaitana a Effie amatchula mfunda wa mayiwo, Namaseko. Akazi awo, mayi Rose, anamwalira zaka zingapo zapitazo, n'kuwasiya ndi mwana mmodzi, Amanda, wobadwira konkuno, amene amakhala nawo m'nyumba. Amanda Chichewa amamva chonse, koma amayankha m'Chingerezi.

Bambo Walter anafunsira a Effie mwaulemu wake, ndipo anaikapo mawu amodzi osabisa. Anati sangalowetse mayi wina m'nyumba ya mayi Rose ngati Amanda sakufuna. Ndiye anakonza kuti Loweruka lina mu Julaye a Effie akadye nkhomaliro ku Croydon, akaonane ndi mwanayo bwinobwino. Amanda akavomera, ukwati ulipo. Akakana, nkhani yatha, aliyense azikaimba nyimbo zake kutchalitchi ngati kale.

A Effie ankati alibe nazo ntchito. "Ine pa msinkhu uno ndizikayesedwa mayeso ndi mwana?" Koma madzulo a tsiku lomwelo anandiimbira foni. "Iwe Lois, uli ofu liti? Ndikufuna diresi."

Mmene tinazunzikira ndi diresi limenelo, Mulungu ndiye mboni. Tinayamba ndi masitolo a ku Lewisham. Ndikatenga lotakasuka, lovala chodzera kumutu, ankaliyang'ana n'kupotoza milomo.

"Limeneli ndi thumba la feteleza. Ukufuna mwanayo aziti bambo ake atola gogo?"

Ndikatenga logwira thupi bwino, ankalitembenuza, kuyang'ana kumbuyo, n'kulibweza pahang'ala. Lina ankati likuonetsa mikono. Lina ankati khosi latsika, iwo si mtsikana wa pa TV. Lina nsalu yake ikuyabwa, lina likumata pamimba, lina mtundu wake ndi wa pamaliro. La mabatani akutsogolo ankati likufanana ndi yunifomu ya kuntchito, ndipo pamenepo sankanama. Masayizi akuno nawonso ndi osokoneza mutu: sitolo ino ukwana sikisitini, sitolo inayo sikisitini yemweyo akuthera m'chiuno. Zovala zambiri zinasokedwera anthu opanda mbina, ndiye likakwana kumusi, kumtunda likulendewera.

Tinapita ku Wood Green, tinalowa m'masitolo a kaunjika wachizungu onunkha makabati a anthu omwalira, tinaitanitsa pa intaneti n'kubweza. Iwo patsogolo, ine pambuyo ndi mapazi otupa a shifiti yadzulo. Tsiku lina ndinakwiya pakati pa sitolo.

"Asisi, kodi mukufuna diresi kapena mukufuna chifukwa choti musapiteko?"

"Ndikufuna loti ndizipuma ndili momwemo, koma munthu akandiona adziwe kuti ndine mzimayi," anatero. "Kodi ndapempha zambiri?"

Tinalipeza ku Croydon komweko, m'kasitolo kena kakang'ono pafupi ndi siteshoni. Lobiriwira modera ngati masamba a mango, nsalu yofewa yotamuka pang'ono, manja ofika pachigongono, lotsika kupitirira mawondo. Anakana kuliyesa, ine n'kuwakankhira m'kachipinda koyeseramo zovala, n'kulowa nawo. Ndinawakokera zipi ya kumsana osaganiza n'komwe, monga mmene timachitira akazi tikakhala awiri. Anatembenukira kugalasi n'kudziyang'ana. Linawakhala ngati telala anawayeza ndi tepi. Silinkafinya paliponse, koma chiuno chinaoneka, mapewa anaima. Anakweza dzanja lamanzere n'kusalaza nsalu pamimba, ndipo kwa kanthawi mayi wosakhazikika uja anaima malo amodzi. Ine ndinamva chisoni ndi chimwemwe nthawi imodzi, chifukwa ndinali nditaiwala kuti a Effie ndi okongola.

Analigula akudziwa bwino lomwe kuti zipi ija sangaifikire. Walira mvula walira matope.

Zimene zinachitika Loweruka lija ndinazimva kwa iwo eni, ndipo zina anandiuza Amanda pambuyo pake. Ine ndinali kuntchito.

Kwathu vuto ngati limeneli kulibe. Lamulungu m'mawa ungotulukira pakhomo msana uli pamtunda, mng'ono wako, mwana wa neba, ngakhale mayi wodutsa ndi ndowa pamutu akukokera zipi nkhani zili mkamwa. A Effie anakulira m'nyumba yotero. Koma ku Edmonton amachita lendi kachipinda kamodzi m'nyumba imene zipinda zinazo muli anyamata a maiko ena, oyendetsa njinga zoperekera zakudya. Mayi wa Mvano sangagogode pachitseko cha mwamuna wachilendo n'kumupatsa msana.

Anali atakonzeratu nzeru yawo. Anamangirira chingwe cha nsapato kuphini, phiniyo n'kuikoloweka pakachitsulo ka zipi, kuti azikoka chingwecho chodzera paphewa ndi dzanja lamanzere. Mkati mwa sabata anayesa, zinatheka. Koma Lowerukalo thupi linali thukuta, zipi inakwera pang'ono n'kuluma pitikoti. Atakoka mwamphamvu phini inapindika, chingwe n'kutsalira kumsana komwe sakanachifikira. Zipi sinkakwera, sinkatsika. Msana wonse unali pamtunda kuyambira m'chiuno mpaka pakhosi, ndipo nthawi inali itatha.

Munthu wina akanaimba foni. Akanandiimbira ine, akanaimbira mayi aliyense wa m'kwaya. Koma akuluakulu anati safunsa anadya phula. A Effie anatsegula kabati, natulutsa chijasi chawo chakuda cha nyengo yachisanu, chija chofika m'miyendo, n'kuchivala pamwamba. Ankati akapeza mzimayi wina m'njira.

Tsikulo kunatentha moti udzu wa m'mapaki unali utauma ngati wa Okutobala kwathu. Anthu anali m'makabudula ndi m'mapatapata. Iwo anakwera sitima pa Edmonton Green atamanga mabatani mpaka m'khosi. Moyang'anana nawo munakhala mzimayi wachikulire wooneka wachifundo, ndipo a Effie anakonza mawu m'kamwa, koma mayiyo atangoona chijasi chija anakumbatira chikwama chake n'kuyang'ana pawindo. Kuno anthu sayang'anana m'sitima. Mu sitima ya pansi panthaka munali ngati mu uvuni. Thukuta linkatsika mumsana n'kumalowa m'nsapato. Ankaimirira, kukhala, kuimiriranso, kuwerenga mapu a masiteshoni amene amawadziwa pamtima. Pa Victoria analowa m'chimbudzi cha akazi, naima pagalasi pafupi ndi mtsikana wina amene ankapaka milomo. Anatsegula pakamwa. Mtsikanayo anali ndi timawaya m'makutu, ndipo anatuluka osawaona. A Effie anasamba m'manja kawiri n'kutuluka nawonso.

Anafika ku Croydon mochedwa, nkhope ikunyezimira. Anatsegula chitseko ndi Amanda, mtsikana wamtali wosaseka msanga. Anawalonjera mwaulemu, kenaka anatambasula manja monga amachitira kuno mlendo akalowa, napempha m'Chingerezi kuti awalandire chijasi.

"Ayi mwananga, zikomo. Ndili bwino chonchi."

Amanda anayang'ana chijasi, nayang'ana dzuwa panja. Kwa anthu akuno, mlendo wokana kuvula chijasi ndiye kuti sakukhalitsa, kapena nyumbayo sakuifuna.

Bambo Walter anatulukira atavala tayi. "Namaseko, mwafika kodi? Nanga bwanji chofunda pa dzuwa lotere? Kapena m'thupi simuli bwino?"

"Kachimfine pang'ono, bambo."

Bodza limenelo linawabwerera pomwepo. Bambo Walter, munthu wachisamaliro, anathamanga kukatseka mawindo onse a pabalaza, nauza Amanda kuti aphike tiyi wa mandimu wotentha kwambiri. A Effie anamwa.

Chimene chinawapweteka kwambiri si kutentha. Mayi wakwathu akapita kunyumba kumene akufuna kukalowa, sakhala pampando ngati bwana. Amalowa kukhitchini, kufunsa mpeni uli pati, kutsuka mbale, kuti eni nyumba aone manja ake. A Effie ndiye katswiri wa zimenezo, sangaone mbale yakuda osaimirira. Koma ukatsuka bwanji mbale uli m'chijasi? Anakhala pasofa chowongoka, msana osatsamira, mwendo ukugwedezeka wokha, akumva Amanda akulimbana ndi mapoto yekha. Pakhoma panali chithunzi cha mayi Rose atavala duku loyera, akumwetulira.

Patebulo zinthu zinaipiraipira. Amanda anali atawotcha nkhuku, naphika mpunga ndi mkhwani wotendera, umene anachita kufunsa kwa azimayi a kutchalitchi kaphikidwe kake. A Effie ankangotola pang'onopang'ono chifukwa mutu unali utayamba kuzungulira. Bambo Walter ankayesa kukoka nkhani, za kwaya, za mitengo ya mapichesi ya ku Ntcheu imene amaikumbukira, koma mayankho ankabwera aafupi. Amanda anafunsa ngati chakudya sichinakome. A Effie anati chakoma kwambiri, uku mbale ili yodzaza. Mtsikanayo anaimirira n'kuyamba kuchotsa mbale mwaphokoso.

A Effie anapempha kuti akasambe m'manja. Potuluka anakumana ndi Amanda m'kanjira kopita kukhitchini, atapinda manja pachifuwa. Analankhula motsitsa kuti bambo ake asamve, m'Chingerezi chake chofulumira chija.

"Anti, ngati simukufuna kukhala m'nyumba ya amayi anga, ingonenani. Adadi akhala akukonza m'nyumba muno sabata yonse. Ine ndaphika kuyambira m'mawa. Inu mwakhala ngati mukudikira basi."

A Effie amati pamenepo anaona kuti zonse zatha, ndipo anaganiza zongotsanzika n'kumapita, ulemu wawo uli nawo. Chitseko chinali pafupi. Koma anali atatopa, kutopa kwa zaka zambiri, osati kwa tsiku limenelo lokha. Anamasula mabatani, natembenuka kuyang'ana kukhoma, n'kutsitsa chijasi mpaka m'zigongono.

Amanda anaona msana wonse, pitikoti yonyowa yomatirira pakhungu, phini yopindika, ndi chingwe cha nsapato chikulendewera.

"Dzanja ili silifika," anatero a Effie m'Chichewa, akuyang'anabe kukhoma. "Ndipo kumene ndimakhala ndilibe ondikokera."

Amanda anandiuza kuti anafuna kuseka ndi kulira nthawi imodzi, ndipo sanachite chilichonse mwa ziwirizo. Anakatenga thaulo, nawapukuta msana, nachotsa phini, namasula pitikoti pamene zipi inaluma. Kenaka anaikoka bwinobwino mpaka pakhosi, n'kukonza kolala. Chijasi anachitenga yekha osafunsanso, nakachikoloweka kuseri kwa chitseko.

Atalowanso pabalaza bambo Walter anaimirira, nagwira tayi yawo. Kenaka anangoti, "Namaseko, chimfine chija chapola msanga." Mawindo anatsegulidwa. A Effie anabwereranso kumbale yawo n'kumaliza mkhwani wonse, kenaka analowa kukhitchini n'kutsuka chilichonse chimene anachipeza, ngakhale makapu oyera kale. Amanda ankapukuta pambali pawo. Anacheza za phewa, Amanda n'kuwakalipira kuti apite kwa dokotala. Koma za nkhani imene anabwerera, mtsikanayo sananene kuti inde kapena ayi. Potsanzikana anangowagwira dzanja n'kuwafunira ulendo wabwino, ndipo bambo Walter anawaperekeza mpaka pokwerera tiramu, nawonso osadziwa pamene zinthu zaima.

Dzuwa la Julaye linali likadali pamwamba. A Effie anakwera tiramu chijasi chili pamkono, mphepo ikuwapita m'khosi, akudziyang'ana mwakabisira m'galasi la windo. Amati anali asanamvepo bwino chotero m'chovala chilichonse chibwerereni kuno. Mpaka tiramu itayandikira siteshoni ya East Croydon m'pamene ganizo linawagwera. Zipi inali pamwamba penipeni, pakhosi, yopanda phini, yopanda chingwe.

Nthawi imeneyo anaimba foni. Inandipeza ndili pa buleki, ndipo anandifotokozera zonse mothamanga, phewa lomwe, ine kukamwa kuli yasa.

"Ndiye ndivula bwanji, iwe Lois? Mawa ndili ndi shifiti ya m'mawa."

"Dulani ndi sizasi," ndinatero, chifukwa ndinali nditakwiya kuti anandibisira zonsezi.

"Diresi ili? Wapenga?"

"Ndiye bwerani kuno ku Lewisham. Mundipeza kuwodi, ndikumasulani, muzipita."

Ndinkamva belu la tiramu ndi phokoso la anthu. Ndinadziwa kuti aimirira pasiteshoni, akuyenda uku ndi uku monga mwa masiku onse.

"Lero undimasula," anatero pomaliza. "Nanga Lamulungu linalo?"

Foni inaduka. A Effie anawoloka njanji, nakwera tiramu yobwerera komwe anachokera.

Anatsegula chitseko ndi Amanda yemwe, thaulo la mbale lili paphewa. Anayang'ana m'manja mwawo kuti aone chimene aiwala. A Effie anaima pakhomo, mayi wa zaka makumi asanu ndi mphambu, amene analera nyumba yonse ya ku Ntcheu ndi okalamba osawerengeka a ku Edmonton, manyazi atawagwira ngati kamtsikana.

"Mwanditsekera muno, mwananga," anatero. "Ku Edmonton kulibe wotsegula."

Amanda anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anapatuka pakhomo kuti adutse, natembenukira kubalaza kumene bambo ake anali atakhala, tayi atamasula.

"Adadi," anaitana, "ndiye ku Edmontonko azibwererako kukatani?"